Tsiku Limene a Falesi Anakwera Padenga Masana

Dzina langa ndine Latifa. Ndili ndi kagolosale m'mbali mwa msewu, ndipo anthu amati ndili ndi pakamwa. Sindikana. Koma nkhani ya a Falesi ndikaikumbukira, ngakhale pakamwa pangapa pamachepa, chifukwa zimene ndinaona ku laibulale kwathu zimandinyansa mpaka lero.

A Falesi ndi mayi wamfupi, wa mapewa otambalala monga alili onse amene anakula akusenza matumba a mbatatesi. Anabadwira cha ku Kaphuka. Sukulu analekezera Fomu 2, chaka chimene bambo awo anagamula kuti mwana wamkazi wodziwa kuwerenga kalata wadziwa zokwanira. Kuno kwathu anabwera pa chitengwa, nabereka ana atatu. Amuna awo anapita ku Joni, anatumiza moni zaka ziwiri, kenako kunangoti zii. Chimene anasiya m'nyumba ndi buluku limodzi lakhaki, ndipo ntchito ya bulukulo muimva kutsogoloku.

Bungwe lina la ku Lilongwe litamanga laibulale pafupi ndi msika wathu, a Falesi anapeza ntchito yosesa ndi kukolopa. Nyumbayo ili ndi zipinda ziwiri, china cha mabuku, china cha makompyuta asanu, ndipo padenga pali masola anayi amene amapereka magetsi. Popeza wosesa ndiye amafika m'mamawa anthu asanabwere, makiyi onse anawapatsa a Falesi. Ankawamanga pamsonga ya chitenje.

Pasanapite nthawi kunabadwa kalabu ya makompyuta. Wapampando anali a Zikhalo, kalaliki wopuma pantchito, amene sankayankha ukapanda kuwaitana kuti a Tcheya. Ankavala jekete yokhala ndi zolembera zitatu m'thumba, ndipo sindinaonepo zonse zitatu zikulemba. Iwowa ndi amene ankakonza ndandanda ya nthawi yokhala pa kompyuta. Abambo anawapatsa kuyambira eyiti koloko m'mawa mpaka thuu koloko. Ife amayi anatipatsa kuyambira fili koloko, ati potichitira chifundo, chifukwa m'mawa timakhala ndi ntchito zapakhomo.

Chifundo chakecho! Laibulale yathu inamangidwa m'tsinde mwa phiri, ndipo ikangokwana fili koloko chithunzithunzi cha phirilo chimakuta denga lonse. Mabatire ankakhala atatheratu, abambo atatchaja mafoni awo, a alamu awo, ndi kuonera zigoli za dzulo kangapo konse. M'miyezi yachisanu, pamene nkhungu imagona paphiri mpaka dzuwa litakwera, zinkanyanya. Ine ndinkatseka golosale, kuthamanga, kukhala pampando, kulemba dzina langa theka, kenako kabokosi ka pakhoma kankalira kuti tii tii tii, makompyuta onse n'kuzima. Ndinakhala membala wa kalabu chaka chathunthu ndikungodziwa kuyatsa kompyuta basi.

A Falesi okha ndiwo anaphunzira, ndipo anaphunzira mobisa. Akatha kusesa m'mamawa ankayatsa kompyuta imodzi n'kutsegula mabuku a malangizo amene anabwera ndi makinawo, omwe palibe bambo ndi mmodzi yemwe anawatsegulapo. Anadziwa kutayipa, kutumiza makalata pa intaneti, ndi kuchotsa pepala likakakamira mu pulinta. Abambo a m'kalabu ankadziwa zimenezi koma ankachita ngati sakudziwa. Chinthu chikavuta umangomva, "Nankhoma, tabwerani mupukute apa," poti Nankhoma ndilo dzina la mfunda wawo. A Falesi ankabwera ndi kansanza kawo, kupukuta pamene panalibe fumbi, kudina mabatani awiri, chinthucho n'kuyamba kuyenda. Ndiye bamboyo ankati, "Eya, linali fumbi."

Panalinso china chimene ine ndekha ndinachidziwa. Tsiku lina ndinalawira kukadikira galimoto ya katundu, kunja kusanayere bwino, ndipo ndinaona munthu ali padenga la laibulale. Ndinayesa mbala. Nditayandikira ndinapeza ndi a Falesi, avala buluku lakhaki lija mkati mwa chitenje, akukwawa pamalata oterera ndi mame, akupukuta masola.

"Amake Chisangalalo, mwapenga?" ndinatero.

"Tsitsani mawu, anzanga," anayankha ali pamwamba pomwepo. "Fumbi la malole ndi zitosi za mbalame zikachuluka, magetsi satenga nthawi. Ndikapukuta, mwina amayi mungapezeko mphindi khumi."

"Nanga bwanji osakwera masana, anthu aone?"

"Mukufuna ndikhale nyimbo pamjigo? Mkazi padenga?"

Ndinawagwirira makwerero mpaka anatsika. Manja awo anali ozizira ngati chitsulo cha mjigo m'mwezi wa Juni.

Kamodzi pachaka a bungwe aja ankabwera kudzayesa mamembala mayeso ndi kupereka masatifiketi. Limeneli ndilo linali tsiku lonyansa kuposa onse. Alendo akangotsika m'galimoto, a Zikhalo ankatiitana amayi tonse, kutikhazika pa makompyuta, manja pa kiyibodi, mano pamtunda, wojambula n'kujambula. Chaka choyamba makompyutawo sanayatsidwe n'komwe. Chithunzi chikatheka a Zikhalo ankawomba m'manja kawiri n'kunena kuti, "Amayi, alendo athu achokera kutali." Sankafunika kuwonjezera mawu. Kwathu mlendo sachoka osalawa nkhuku, ndipo nkhuku siidziphika yokha. Tinkadzuka pamipando ija ikadali yozizira, abambo n'kukhalapo, mayeso n'kuyamba. Ife tinkapita kuseri kukasenda mbatatesi.

Chaka chachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi. Tinali kuseri kwa laibulale, amayi asanu ndi awiri, tikusosola nthenga za nkhuku m'madzi otentha. Fungo la nthenga zonyowa limandidwalitsa kuyambira kale, koma tsiku limenelo linandifika pamtima penipeni. Pawindo tinkamva a Rafaelo, alamu awo a a Zikhalo, akufunsa mnzawo monong'ona kuti chilembo chachikulu amachipanga bwanji. A Falesi anangoweramitsa mutu, koma ndinaona chala chawo chikudina pamsana pa nkhuku, pamalo pamene batanilo likanakhala.

Ndinataya mpeni pansi. "Ine ndatopa kukhala maluwa a pachithunzi," ndinatero.

Amene anandiyankha anali a Esitere, mayi wachikulire wa kwaya ya ku tchalitchi, amene amagwadira ngakhale mwana wa mlongo wawo pomupatsa madzi. Iwowa analowa m'kalabu chifukwa chofuna kumalemberana ndi mwana wawo wa ku Mzuzu.

"Kutopa tatopa tonse, mwana wanga," anatero. "Koma aphunzitsi tili nawo pompano, akusosola nkhuku. Bwanji osatiphunzitsa ifeyo patokha?"

Gulu lathu la amayi linabadwira pamenepo, pakati pa nthenga ndi makoko a mbatatesi. Tinasankha Lachitatu, poti Lachisanu ndi lathu Asilamu ndipo Lamlungu ndi la anzathu Akatolika. Pemphero lotsegulira tinagwirizana kuti tizisinthana, ndipo nkhani imeneyo sinatitengere ngakhale mphindi ziwiri. Vuto linali magetsi. Ndinabweretsa makatoni a sopo a ku golosale, a Falesi anajambulapo kiyibodi ndi makala, batani lililonse pamalo pake, ndipo tinkakhala pakhonde tikudina makatoni. Magetsi akapezeka tinkalowa awiriawiri, wina akudina, wina akuyang'anira. Tinapanganso kuti amene ili nthawi yake yophunzira, anzake azimutungira madzi ndi kumuonera ana.

Musaganize kuti zinayenda ngati mafuta. Amayi awiri anasiya chifukwa amuna awo anati pa intaneti m'pamene akazi amapezera zibwenzi. Wina anasiya yekha, n'kumakatinena pamsika kuti tikudzitukumula, chikhalirecho makatoni ankadina nafe limodzi. Ameneyu mpaka lero akabwera kudzagula mchere ndimamupatsa osamuyang'ana kumaso. Mwayi wake, amayi ena anayi anadzalowa m'malo mwawo. A Zikhalo atamva za gululi anabwera Lachitatu lina atavala jekete yawo, natiyamikira kwambiri. Anati gulu la amayi ndi chinthu chofunika, lithandiza kuti zophikaphika pa tsiku la alendo ziziyenda mwadongosolo. Anadziperekanso kuti akhale mlangizi wathu. A Esitere anawagwadira, kuwathokoza, n'kuwauza mwaulemu wonse kuti nkhani ya tsikulo inali ya matenda a amayi. A Tcheya anachoka mofulumira ndipo sanabwerenso.

Chaka chachitatu kunabwera kalata yoti amene adzapambane mayeso adzakhala woyang'anira chipinda cha makompyuta, ndipo ndandanda azidzalemba ndi iyeyo. Tonse tinamva tanthauzo lake. A Falesi akapambana, amayi tidzakhala pa kompyuta dzuwa likadali padenga. Akalephera, tidzakalamba tikudina makatoni.

Tsikulo litafika tinagawana. A Esitere ndi amayi ena atatu amene anali asanakonzeke anapita kukaphika. Ife anayi, chithunzi chitajambulidwa, sitinadzuke. A Zikhalo anawomba m'manja kawiri. Tinangoyang'ana kutsogolo. Anawombanso.

"Nankhoma," anatero, "alendo akufuna madzi osamba m'manja."

Apa m'pamene ndinaona chinthu chimene chinandipweteka kuposa mawu a a Zikhalo. A Falesi, amene anali atakonzekera tsikuli chaka chonse, anayamba kudzuka. Thupi linangomvera lokha, monga linazolowera kuyambira ali mtsikana. Ndinaponda msonga ya chitenje chawo ndi phazi langa lonse. Anayang'ana pansi, anandiyang'ana ine, kenako anakhalanso. Madziwo anakatunga ndi dalaivala wa alendo.

Mayeso anali a ola limodzi, ndipo tinalemba m'magulu awiri poti makompyuta anali asanu okha. Zotsatira anawerenga ndi mayi wa ku bungwe, wovala magalasi, amene tsiku lonse maso ake anali pafoni. Woyamba anali a Falesi. Wachiwiri, motalikira ndithu, anali a Rafaelo. Ine ndinali wachisanu ndi chimodzi, ndipo sindichita nazo manyazi. Kuseri kunamveka nthungululu, mpaka nkhuku inatsala pang'ono kupserera.

Ndinayesa nkhani yatha. Ndinaiwala kuti a Zikhalo anakhalapo kalaliki. Anaitanitsa komiti ya kalabu pakhonde nthawi yomweyo, masana dzuwa lili paliwombo, tsiku la msika, anthu ali pikitipikiti mumsewu. Anatsokomola, natulutsa cholembera chimodzi n'kuchibwezeranso.

"Tikuwayamikira a Nankhoma," anatero. "Koma m'kalata muja alembamo kuti woyang'anira azisamaliranso masola. Masola ali padenga. Kwathu kuno mkazi sakwera padenga, ndipo ife sitingayambitse zachilendo. Choncho, powateteza mayi athuwa, udindo tiupereka kwa amene wabwera pachiwiri."

Abambo a m'komiti anagwedeza mitu ngati abuluzi pamwala. Ndinayang'ana mayi wa ku bungwe uja, poganiza kuti mkazi mnzathu wophunzira alankhulapo. Anangoti, "Imeneyo ndi nkhani ya komiti yanu," maso ali pafoni. Ndinalakalaka kulavula, koma ndinali pakhonde la eni ake.

A Falesi sakonda kulankhula pagulu. Anaimirira pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo.

"Pepani a Tcheya, ndifunse nawo. Zaka zitatu zonsezi masolawa amapukuta ndani?"

A Zikhalo anayang'ana a Rafaelo, a Rafaelo anayang'ana kumwamba.

"Mvula," anatero a Zikhalo.

Umenewu unali mwezi wa Ogasiti, fumbi lili koboo, mvula itasiya mu Epulo. A Falesi anatsika pakhonde. Anazungulira kuseri n'kubwera atasenza makwerero. Anawatsamiritsa pakhoma, anakwinya chitenje n'kuchimanga m'chiuno, buluku lakhaki lija n'kuonekera poyera. Ndinadziwa pamenepo kuti analivala dala kuchokera kunyumba. Ine ndinagwira mwendo umodzi wa makwerero. A Esitere anabwera kuchokera kumoto, m'manja muli mafuta okhaokha, nagwira mwendo winawo. Amayi ena onse anaima motizungulira.

Msika unaima. Ogulitsa kabichi anasiya kabichi wawo, a kabaza anaimika njinga. Wina anaimba likhweru, wina anakuwa kuti, "Taonani zamalodza!" Mayi wina amene ndimamudziwa bwino anaphimba maso a mwana wake, ngati kuti padengapo pakuchitika zolaula. A Falesi anakwera osayang'ana pansi, anayenda motsata misomali monga amachitira munthu wodziwa pamene pali mitengo ya denga, napukuta sola yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Yachinayi anaisiya. Anatsika, kansanza kali bii, nakaika patebulo pamaso pa a Rafaelo.

"Yatsala imodzi, bambo," anatero.

A Rafaelo ndi bambo wa zaka makumi anayi, wamimba yake, ndipo tsikulo anavala nsapato zosongoka za ku ukwati. Anthu onse anali kuwayang'ana, kotero sakanachitira mwina. Anakwera sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Makwerero anagwedera.

"Amayi, tagwirani apa!" anakuwa.

Tinapinda manja. A Esitere anayankha mofatsa kuti, "Pepani bambo, kwathu kuno mkazi sayandikira za padenga."

A Rafaelo anatsika chafutambuyo akunena za msana umene unawayamba chaka chatha. Msika wonse unafa ndi phwete, ngakhale aja ankanena zamalodza. Apa m'pamene mayi wa ku bungwe anadzutsa mutu, chifukwa anaona kuti pali chojambula.

Mukanaona mmene a Zikhalo anatembenukira! Anaimirira n'kulengeza kuti zonsezi anazikonza dala pofuna kuonetsa alendo mphamvu za amayi a m'dera lino, ndiponso kuti gulu la amayi linayamba ndi maganizo awo. Analankhula mpaka thovu m'mbali mwa milomo. Kenako anati pakhale mwambo wopereka makiyi kwa woyang'anira watsopano. Anapapasa m'matumba a jekete, ndipo m'pamene anakumbukira kuti makiyi sanakhalepo nawo chiyambire. Anasendera kwa a Falesi n'kunong'ona, koma ine ndinamva.

"Nankhoma, tandibwerekani makiyi aja."

A Falesi anamasula pamsonga ya chitenje n'kuwapatsa. A Zikhalo anatembenukira kwa wojambula, anakonza jekete, natambasula dzanja kuti apereke makiyiwo kwa mwini wake yemweyo. Dzanjalo analitsitsa mpaka m'mawondo, pamene pamafika manja a mkazi wogwada. Ndinayang'ana chitenje cha a Falesi, phazi langa lili lokonzeka. Sipanafunike. A Falesi anaima chilili, dzanja lawo lili pamtunda, nadikira. A Zikhalo anadikiranso. Wojambula anatsokomola. Pamapeto pake dzanja la a Tcheya linakwera lokha.

Sindikunamizani kuti anthu anasintha. Pamjigo a Falesi anawapatsa dzina loti Napadenga, ndipo apongozi a mwana wawo Chisangalalo anatumiza uthenga wodandaula kuti banja lachititsidwa manyazi. Chithunzi chija chinatuluka m'kabuku ka bungwe, pansi pake atalemba kuti a Zikhalo ndiwo anayambitsa gulu la amayi. Kabukuko ndinakulungira usipa. Komiti nayo inati sinapeze wosesa wina, choncho woyang'anira watsopano apitirize kugwira tsache pongoyembekezera.

A Falesi sanatsutse. Anakhala pa kompyuta n'kutayipa ndandanda yawo yoyamba, naimata pachitseko. Maola a m'mawa anawagawa pakati, amayi ndi abambo mofanana. M'munsi anawonjezera mzere wina wakuti mamembala onse a kalabu azisesa mosinthana, ndipo poti ulemu umayambira kwa akuluakulu, Lolemba loyamba linagwera a Tcheya.

Lolembalo ndinatseka golosale dala kuti ndikaone a Zikhalo atagwira tsache. Ndinadzinamiza. Itakwana hafu seveni tinaona mayi akubwera chakumsewu, wowonda, atafunda nsalu kumutu chifukwa cha chisanu, tsache lili m'khwapa. Anali a Filomena, akazi awo a a Zikhalo, amene zaka zonsezi anali asanapondepo pakhomo la laibulale. Anagwada pakhonde.

"Abambo andituma ndidzawasesere," anatero.

Ine mawu anali atafika kale pakhosi, ndipo sanali mawu abwino. A Falesi anandigwira mkono. Anawadzutsa a Filomena, analandira tsache lija n'kuliimika kuseri kwa chitseko, nawatsogolera pa kompyuta ya pawindo, imene a Zikhalo ankaikonda.

"Khalani apa, mayi. Munayamba mwalembapo dzina lanu pa chinthu ichi?"

"Ine? Ayi. Ndingachiwononge."

"Sichiwonongeka. Bweretsani chala."

A Zikhalo anafika eyiti koloko, napeza pansi posasesa ndi mpando wawo uli ndi munthu. Anaima pakhomo, kukamwa kuli yasa. A Filomena sanawaone n'komwe. Anali atawerama, lilime lili pakona ya mlomo, akufunafuna chilembo chachitatu cha dzina lawo.